Mpweya wa Mfumu

Lachitatu, pa 9 Okutobala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inuyo, alamu anga ndi ana onse. Ine kuno ndili bwino, kungoti maso ayamba kuvuta, moti ndagula magalasi ofanana ndi a malemu Amayi aja, ndipo ndikadutsa pagalasi la m'chipinda chochezera ndimadzidzimuka. Mudabwa kuti ndakulemberani pamanja chonsecho foni ilipo. Pafoni mumandidula pakamwa, Achimwene. Mumangofunsa kuti Bambo ali bwanji, ine n'kuti ali bwino, inu n'kuti chabwino tilankhulanabe, nkhani n'kuthera pomwepo. Lero ndikufuna mundimve mpaka kumapeto, choncho pezani pokhala.

Za pakhomo pano si zambiri. Mpopi wa kukhitchini uja unasiya kudontha, osati kuti tinaukonza ayi, unangotopa wokha. Chipinda chanu ndachidzaza ndi mapepala anga, koma bedi lilipo, ndipo kulifukula si ntchito ya tsiku lonse. Bambo akudya, akugona, akukangana ndi wailesi monga mwa masiku onse. Ali ndi kachifuwa kamene kakuwasowetsako mtendere, koma za kameneko ndinena kutsogoloku.

Inu nyimbo munazithawa kalekale, tsiku lija munauza Bambo kuti bola kuda manja ndi girisi wa injini kusiyana n'kutupa masaya ndi lipenga. Ndiye ndikufotokozerani ngati mlendo, musakwiye. Gulu lathu la okesitira, la oimba ndi zida zosiyanasiyana, lomwe lija Bambo akhala akuimbamo chibadwire ife, linandipempha kuti ndipeke nyimbo yaitali yopanda mawu, yoti zida zokhazokha zisimbe nkhani. Aka n'koyamba kundipatsa ntchito yaikulu chonchi. Kale konse ndinkangowakonzera nyimbo za eni ake kuti zikwanire zida zimene tili nazo.

Nkhani imene ndinasankha ndi ya banja lina lachifumu la makedzana: mfumu, mkazi wake ndi ana awo aakazi atatu. Anthu ataiukira mfumuyo n'kuzinga mzinda, anaipatsa mwayi woti itsike pampando, itenge banja lake, iwoloke mtsinje n'kukakhala kutsidya ngati munthu wamba. Mfumu inakana. Inati mpandowo unali wa atate ake ndi atate a atate ake, ndipo singausiye ili moyo. Mzinda utagwa anawatsekera onse asanu m'nyumba ya alonda, ndipo m'mawa wina anawatulutsira pabwalo n'kuwapha mmodzimmodzi, mfumu ikuona. Iyoyo anaipha pomaliza.

Aliyense ndinamupatsa chida chake. Mkazi wa mfumu ndi vayolini wamkulu uja woimika pansi. Ana atatu ndi zitoliro zitatu. Asilikali ndi ng'oma. Ndipo mfumu, simungafunse n'komwe, ndi lipenga lopiringizika lija la Bambo, limene linkakudzutsani mbandakucha inu n'kumalitukwana m'bulangeti.

Nyimboyi ndinailemba pa piyano ya Amayi ija, mapepala ali mbwee pansi ponse. Gawo loyamba ndi la mtendere, zitoliro zikungothamangitsana m'makonde a nyumba yachifumu. Lachiwiri ndi la manong'onong'o, mavayolini ang'onoang'ono akudandaula m'misika ndi m'misewu, mfumu osamva. Lachitatu ndi la kuzingidwa kwa mzinda, pamene amithenga amabwera mobwerezabwereza kudzaipempha kuti itsike, lipenga n'kumawayankha ndi kanyimbo kamodzimodzi, kokongola koma kouma mutu. Bambo ankamvera ali kukhitchini, ndipo nthawi zina ankafuula kuti mfumu singayankhe ngati ikupempha mchere, ndiilimbitse mawu. Tsiku lina ndinawapeza akung'ung'udza kanyimbo ka kukana kaja uku akumeta ndevu, ndipo ndinasangalala kwambiri.

Opeka anzanga amalembera chida. Ine ndimalembera munthu. Ndikamalembera wa vayolini wamkulu ndimakumbukira kuti phewa lake lamanja limauma kukazizira, ndikamalembera wang'oma ndimadziwa kuti ndi wopupuluma ndipo ayenera kupatsidwa chochita asanayambe kunyong'onyeka. Anzanga amandiseka, amati ndimasoka malaya oti munthu mmodzi yekha ndiye angavale. Ine ndinkanyadira zimenezi, ndipo n'zimene zandigwetsera m'mavuto.

Kumapeto kwa nyimboyi, m'gawo lachinayi, kuli motere. Ng'oma zikafika pabwalo, mfumu imatulutsa liwu limodzi lalitali, losasintha, loitana banja lake. Pansi pa liwu limenelo vayolini wamkulu amaimba pang'ono n'kuleka. Kenako chitoliro choyamba chimaimba kanyimbo kake n'kuleka, chachiwiri chimodzimodzi, chachitatu chimodzimodzi. Lipenga liyenera kukhalabe likulira mpaka onse atatha, ndi mpweya umodzi, osapumira, chifukwa mfumu ikapuma ndiye kuti yaphethira, pamene chilango chake chinali choti ione zonse. Likatsala lokha nalonso limazima, nyimbo n'kutha.

Mukukumbuka masewera athu a Loweruka m'mawa? Bambo ankaima pakhomo n'kuliza liwu limodzi, ife n'kuthamanga kukagwira geti, kuzungulira tanki ya madzi, kudutsa kuseri kwa nyumba n'kudzawagwira bondo iwo asanapume. Inu munkafika msanga n'kumawapangira nkhope zoseketsa kuti mpweya uwathere, koma sankatheka. Polemba liwu lomaliza la mfumu sindinayeze ndi wotchi. Ndinatseka maso n'kuthamanga ulendo womwe uja m'mutu mwanga, ndi timiyendo tanga ta nthawi imeneyo, ndipo pamene ndinawagwira bondo m'pamene ndinaika kadontho komaliza. Sindinaganize n'komwe kuti munthu amene ndikumulemberayo ndi wa pakhomo paja, wa tsitsi lakuda bii, osati amene ndimamuthirira tiyi m'mawa uliwonse.

Tinayamba kuyeserera mwezi watha. Holo yathu simunaione chikonzereni. Mipando ya omvera anaikuta nsalu yofiira, koma kumtunda kumene amakhala oimba kukadali mipando yachitsulo yomwe ija, ndipo m'mawa mumanunkha polishi ndi mafuta a zida. Magawo atatu oyamba anayenda bwino moti ndinayamba kudzimva. Bambo anali kumbuyo kumalo awo, pakhushoni yawo yobiriwira, pambali pawo pali mayi woliza lipenga lachiwiri. Mayiyu timamutcha Mthunzi chifukwa wakhala pambali pa Bambo zaka zambirimbiri. Bambo akakweza iye amakweza, akatsitsa iye amatsitsa, mpaka naye imvi zamumerera pampando wachiwiri womwewo.

Titafika kumapeto, Bambo anakoka mpweya n'kuliyamba liwu lija bwinobwino, lofunda, lomwe mukulidziwa. Mkazi wa mfumu anapita. Mwana woyamba anapita. Wachiwiri ali pakati pa kanyimbo kake, liwu la Bambo linanjenjemera, linang'ambika, n'kuzima. Zitoliro ziwiri zinatsala zokha popanda bambo wawo, mpaka nazonso zinachita manyazi n'kuleka.

Pali lamulo lina m'gulu mwathu limene palibe analilemba. Wa lipenga akaphonya, palibe amene amacheuka, chifukwa chidacho n'chachipongwe, chimanyazitsa ngakhale katswiri. Ndiye tangoganizani anthu onse aja makosi ali gwa, aliyense akuyang'anitsitsa pepala lake ngati mwalembedwa zachilendo. Woimbitsa wathu, amene timawatcha a Kamtengo chifukwa cha kandodo kawo koimbitsira komanso thupi lawo lomwe, anangoti tibwereze. Tinabwereza. Ulendo uno mpweya unatha mwana woyamba asanamalize. Bambo anatsokomola, anatembenuza lipenga kuti akhuthule madzi a m'kati, ndipo analitembenuza nthawi yaitali kuposa mmene madziwo amafunira. Mtima unandiwawa, Achimwene, ndipo ndinachita mantha.

A Kamtengo anandiitanira m'kaofesi kawo kodzaza majekete ndi makapu osatsuka. Si munthu woipa. Anati Bambo ndi amene anawalandira m'gululi akadali mnyamata, ndipo sangafune kuwanyazitsa pamaso pa anthu. Anandipatsa njira ziwiri: Mthunzi aimbe mfumu yonse, kapena Bambo aliyambe liwulo, Mthunzi n'kulilandira pakati mwakachetechete, anthu osazindikira. Ndinakana zonse ziwiri. Yoyamba inali kuwachotsa pampando, yachiwiri inali kuwayendetsa ndi ndodo pagulu, ndipo Bambo mukuwadziwa, ngakhale pokwera basi safuna kugwiridwa dzanja. A Kamtengo anati nyimbo ndi yanga koma gulu ndi lawo, ndipo anandipatsa sabata imodzi kuti ndipeze nzeru.

Ndinayesa kufulumizitsa zitoliro, koma zinkamveka ngati ana akuthamangira kukaphedwa. Ndinayesa kuti mkazi wa mfumu afere pamodzi ndi mwana woyamba, koma zinangosokonekera, osamveka kuti wapita ndani. Ndinagwira njakata. Pomaliza ndinachita chinthu chimene ndikuchita nacho manyazi pochilemba: ndinachotsa mwana mmodzi. Ndinasankha wapakati, poti woyamba ndi wotsiriza anthu amawawerenga, koma wapakati amatha kusowa pakhomo tsiku lonse osafunsidwa. M'magawo oyamba ndinamusiya azisewera ndi abale ake, koma pabwalo paja ndinangomufufuta. Ndinadzinamiza kuti ndamuchitira chifundo, kuti mwina anathawira pawindo. Wa chitoliro chachiwiri nditamupatsa pepala latsopano anandiyang'ana, anayang'ana kumalo a Bambo, n'kungoti palibe vuto, azipumulako. Pepala la Bambo silinasinthe, chifukwa liwulo amalisiya a Kamtengo akatsitsa dzanja, ndiye ndinkati sadziwa.

Sabata yotsatira tinafikanso pabwalo paja. Bambo anakoka mpweya, ine nanenso ndinakoka. Mkazi anapita, woyamba anapita, wotsiriza anapita, ndipo liwu lija, ngakhale linali litawonda, linafika. A Kamtengo anatsitsa dzanja n'kundiyang'ana mwakuba. Ine mtima unakhala pansi, ndinkafuna kuvina. Kenako ndinaona dzanja litakwezedwa kumbuyo. Bambo chiyambireni ntchito sanaimitsepo gulu, amati woimba amalankhula ndi chida basi.

"Pepani, a Kamtengo," anatero, akupumira m'mwamba. "Ndamva mkazi wanga akupita. Ndamva ana awiri. Nanga wina uja ali kuti?"

Apa ndiye anthu anacheuka, koma sanacheukire Bambo, anacheukira ine. Ndinaimirira n'kuyamba kubwebweta kuti mapeto anatalika kwambiri, kuti anthu a masiku ano satha kudikira, ndi zina zimene sindikuzikumbukanso. Bambo anatsitsa dzanja. Anapukuta lipenga lawo, analiika m'bokosi, n'kudikira kuti tiweruke.

Popita kokwerera basi tinayenda pang'onopang'ono. Masiku ano Bambo amakonda kuima pamawindo a masitolo, ndipo ine ndinkati ayamba kusirira nsapato atakalamba. Tsiku limenelo m'pamene ndinaona kuti sayang'ana nsapato, amakhala akupuma. Titafika pabenchi la panja pa sitolo ya utoto anakhala pansi, bokosi la lipenga lili pamiyendo, n'kundifunsa ngati mfumu yanga ija anaipatsa mwayi wochoka. Ndinati inde, akudziwa kale, ndinawasimbira kangapo konse patebulo. Anafunsanso kuti ikanavomera chikanachitika n'chiyani. Ndinati ana akanakula.

"Ndiye ukufuna ndifanane nayo?" anatero. "Lero wandichotsera mwana mmodzi. Sabata yamawa mpweya ukachepanso undichotsera wina, kenako mkazi. Pofika tsiku lenilenilo ndidzakhala ndili ndekhandekha pampando, ndikuitana anthu oti kulibe. Fupa lokakamiza limaswa mphika, Namadontho."

Dzina lija sanalisiye, mpaka pano akuti ntchito yanga ndi kudontheza inki papepala. Koma tsiku limenelo sindinaseke. Ndinapsa mtima, Achimwene, ndipo ndinawakwezera mawu pamsewu, anthu akudutsa. Ndinati nyimboyo sindinalembere Mthunzi, sindinalembere holo, ndinalembera iwo, ndipo ngati saimba ndikaing'amba n'kuyatsira moto. Ndinati ana a mfumuwo anafa kalekale, mafupa awo anasanduka dothi, sangandidandaule, pamene iwo ndi bambo anga amoyo. Ndinalira ndithu, mayi wamkulu ngati ine, mpaka wogulitsa utoto anatuluka kudzaona.

Anandisiya ndilire. Kenako anati, "Unandilembera, ndalandira, zikomo. Tsopano ndisiye ndikaimve."

Pabenchi pomwepo m'pamene anandiuza kuti akhala akupita kuchipatala okha, masiku amene ankati akukagula mafuta a lipenga. Lolemba lotsatira ndinawaperekeza. Poyamba paja ndati kachifuwa. Si kachifuwa, Achimwene, ndi mapapo. Dokotala anationetsa chithunzi n'kulankhula mofatsa kwambiri, ndipo inu mukudziwa kuti dokotala akafatsa choncho pamakhala pali chiyani. Zina zonse sindilemba papepala, ndidzakuuzani tikuonana maso. Bambo anandiletsa kukuuzani pafoni, ati mungasiye ntchito n'kuthamanga ngati kwagwa maliro. Za kalata sananene.

Tsiku loyeserera lotsatira anavala jekete lawo lakuda ndi tayi, ngati n'tsiku lenileni. Tinafika oyambirira. Anakwera kumalo awo, anachotsa khushoni yobiriwira ija n'kuipana m'khwapa, n'kuima pambali kudikira. Mthunzi atafika anamulozera mpando woyamba. Mayi uja anakana, anati sangakhale pamenepo iwo ali moyo. Bambo anamuuza kuti kulumbirira mipando n'kumene kunamaliza banja lonse m'nyimbo imene akufuna kuimbayo, asayambe zimenezo m'holo muno. Mthunzi anayamba kulira, Bambo n'kumukalipira kuti kulira kumafewetsa milomo, akhale pansi. Anamuonetsa pamene ayenera kukokera mpweya, kuti asadikire ng'oma zifike koma akoke zikadali panjira, kenako anatembenuka kuti azitsika.

Oimba saombera mnzawo m'manja, poti manja amakhala ndi zida. Amakwekwesa mapazi pansi. Anayamba ndi wang'oma wopupuluma uja, kenako a mavayolini, mpaka gulu lonse, mkokomo wa nsapato pamatabwa. A Kamtengo anaika kandodo kawo pansi n'kuwerama. Bambo anatsika masitepe a m'mbali pang'onopang'ono, atagwira chitsulo, osacheuka, n'kudzakhala pambali panga pampando wofiira. Mwana wapakati ndinali nditamubwezera kale.

Bambo sadziwa kukhala pagulu la omvera, Achimwene. Moyo wawo wonse nyimbo aimvera kumbuyo, ng'oma zili kukhutu, a mavayolini atawafulatira. Zala zinkangoyenda pakhushoni, phazi likuwerenga, ndipo nthawi iliyonse mfumu ikati ilankhule iwo ankakoka mpweya. Titafika pabwalo paja anakoka limodzi ndi Mthunzi n'kuyamba kutulutsa pang'onopang'ono, milomo ataisongola. Ndinkawamva. Mpweya wawo unatha mkazi wa mfumu asanamalize. Anakokanso, unathanso, anakokanso. Kumtunda kuja Mthunzi anangoligwira liwu lija osagwedezeka, mitsempha ya m'khosi itatuluka, mwana woyamba, wachiwiri, wachitatu, mpaka linatsala lokha m'holo monse n'kuzima bwinobwino.

Inali yokoma, Achimwene. Inamveka ndendende mmene ndinkaimvera m'mutu mwanga ndisanailembe, ndipo zinandipweteka kuti yakoma popanda iwo. Mpaka lero ndikamuona Mthunzi ndimafuna kumukumbatira komanso kumutsina, chonsecho mayi wa eni ake sanalakwe kanthu. Bambo anapukuta magalasi awo. Kenako anati ana akwana, onse atatu. Anati sankadziwa kuti kutsogolo kuno kumamveka chonchi, akanadziwa bwenzi atatsika kale. Pofuna kuti ndisawayang'ane m'maso anawonjezera kuti ng'oma zachuluka m'gawo lachitatu, ndizichepetse, ndipo ndazichepetsa.

Pakhomo pano tsopano m'mawa kumakhala zii. Aneba athu a kuseri aja, amene akhala akudandaula za lipenga moyo wawo wonse, anabwera kudzafunsa ngati kuli bwino, ati masiku ano akuchedwa kudzuka. Bambo amadzukabe nthawi yomwe ija, amakhala pampando wa pawindo n'kumayendetsa zala pa lipenga osaliika pakamwa. Ine ndimanamizira kutsuka mbale. Ndimakwiyabe, koma sindikudziwa kuti ndikukwiyira ndani, ndipo masiku ena ndimalakalaka ndikanasankha nkhani ina, ya ukwati kapena ya mvula, yoti wa lipenga azipuma paliponse pamene wafuna.

Tsopano ndifike pa chimene ndakulemberani. Nyimboyi tidzaiimba koyamba pamaso pa anthu Loweruka lomaliza la mwezi wamawa. Ine tsiku limenelo sindidzakhala pansi, ndidzakhala kuseri ndikuthamangathamanga, ndipo pomaliza adzandikokera kutsogolo kuti ndikawerame. Dzana Bambo anandiuza kuti ndiwasungire mipando iwiri, mzere wapakati, kufupi ndi khomo kuti akafuna kutsokomola asasokoneze anthu. Ndinkati wachiwiriwo ndi wa aneba aja, poti ndi amene amakangana nawo za mpira.

"Mlembere mchimwene wako," anatero. "Pabanja pano ndi iye yekha amene amadziwa kukhala pansi manja ali chabe. Abwere adzandiphunzitse. Umuuzenso kuti asaope, sindimupatsa lipenga."

Mukudziwa kuti chichokereni inu sanakupempheni kanthu, ngakhale pamaliro a Amayi anangokugwirani dzanja ngati mlendo. Ine sindilowerera za inu awiri, aliyense ali ndi mutu wake wouma, ndipo ndikudziwa kumene munautenga wanuwo. Ndikungopempha kuti musandiyankhe kuti mudzabwera patchuthi cha chaka chamawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu, Achimwene. Pemphani masiku kuntchito, injinizo zidzakudikirani. Mubwere ndi suti yakuda ndi nsapato zosalira, ndipo ngati mungathe mufike Lachinayi kuti mudzawaperekeze kwa telala. Suti yawo ikufunika kubweza m'chiuno ndi m'mapewa, koma ine amandikana, ati nkhani za suti ndi za amuna. Mukadzakhala nawo m'holomo mudzawamva akukoka mpweya pamodzi ndi lipenga. Musadzawaletse, mudzangokhala nawo basi.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti mankhwala opaka msana aja anafika ndipo akuthandiza. Ana muwapatse moni mmodzimmodzi, wamkuluyo mumuuze kuti azakhali ake akudikirabe chithunzi chimene analonjeza. A Kamtengo akuti moni, akukukumbukani muli kamnyamata kobisala pansi pa piyano. Mthunzi naye akuti moni, ndipo akuti muzimupempherera milomo. Aneba akuti mukadzabwera mudzawaonereko injini ya galimoto yawo, ine ndangopereka uthenga.

Bambo ali pakhonde pano, dzuwa likuwawomba kumapazi, lipenga lili pamiyendo, akulipukuta ngakhale kuti silinagwire ntchito. Ndawafunsa kuti ndikulembereni chiyani. Aika nsalu pansi, akhala tsonga ngati munthu woti ali ndi zambiri, akoka mpweya n'kutchula dzina lanu lija la paubwana. Mpweya wathera pomwepo. Ndadikira, cholembera chili m'manja, koma angogwedeza mutu kuti ndilembe zomwezo. Ndiye moni wawo ndi umenewo, ndaupereka mmene ndaulandirira.

Ine mlongo wanu amene maso ali kunjira,

Namadontho